Kodi Kukonda Nyama N'kwa Okhuta Okha?

Mbiri ya imfa ya Mayi Jane Goodall inatipeza tili m'chipinda chathu chogona, pa 2 Okutobala 2025. Anali atamwalira dzulo lake ku California, m'dziko la America, ali ndi zaka 91, ndipo imfayo inaŵapeza ali pa ulendo wokalankhula m'misonkhano monga mwa masiku onse. Ine ndinaŵerenga nkhaniyo mokweza. Kapena mawu anga anamveka ngati a munthu woferedwa, pakuti mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi anatula buku lake pachifuŵa nandiyang'ana.

"Ndiye titani, aise? Tiyale mphasa tikhuze maliro?" anatero. "Munthu wakhuta kwawo, wasoŵa chochita, wabwera kudzacheza ndi anyani, lero dziko lonse lili kumlira. Kwathu njovu zapha anthu m'minda. Waŵalira ndani?"

Sindinamyankhe. Mnzangayu kwawo n'ku Kasungu, kufupi ndi nkhalango yosungiramo nyama, ndipo akamanena za njovu sanena zoŵerenga m'buku. Ndinazima nyali n'kugona. Tsono zimene ndalemba panozi ndilo yankho langa, lochedwa ndi miyezi ingapo, ndipo ndinenetu msanga kuti si yankho lomgonjetsa. Funso lake, tikalichotsa mkwiyo, ndi ili: kodi kukonda nyama ndi khalidwe loyenera munthu aliyense, kapena ndi maseŵera a anthu amene nkhokwe zawo n'zodzaza?

Poyamba tikonze kanthu kamodzi. Nyama zimene mayiŵa anakhala nazo si anyani athu aŵa ayi. Ndi achimpanzi, amene Aswahili amati sokwe. Alibe mchira, ndi aakulu, ndipo mwa zamoyo zonse iwoŵa ndi abale awo otchedwa bonobo ndiwo ali pafupi kwambiri ndi munthu. Muno m'Malaŵi mulibe, n'chifukwa chake Chicheŵa chilibe dzina lawo. Komabe mnzanga sanaphonye kwenikweni potchula anyani, poti nkhani yanga ikafika ndithu kwa anyani.

Mayi Goodall anabadwa pa 3 Epulo 1934 mu mzinda wa London, nakulira ku Bournemouth, m'nyumba ya agogo awo aakazi. Pali nkhani imodzi imene ankakonda kusimba. Ali kamtsikana ka zaka zinayi kapena zisanu anasoŵa pakhomo pafupifupi maola anayi, akuluakulu nafunafuna mpaka kukauza apolisi. Nthaŵi yonseyo mwana ali m'khola la nkhuku, wabisala m'udzu, kudikira kuti aone pamene dzira limatulukira. Atatuluka, mutu uli udzu wokhawokha, mayi ake sanamkalipire. Anakhala pansi namvetsera za dziralo. Ine ndikaganiza za nkhaniyi sindisirira mwanayo kwenikweni, ndimasirira mayi akewo. Kwathu mwana akasoŵa maola anayi n'kupezeka m'khola la nkhuku, choyamba chimene akuluakulu angachite ndi kuŵerenga mazira.

Chachiŵiri chinali mabuku. Inali nthaŵi ya nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, ndalama pakhomo zinali zosoŵa, choncho mabuku ankabwereka ku laibulale kapena kugula akale otsika mtengo. Aŵiri ndiwo anaŵagwira mtima: The Story of Doctor Dolittle la Hugh Lofting, losimba za sing'anga amene anaphunzira zilankhulo za nyama, ndi Tarzan of the Apes la Edgar Rice Burroughs, limene analiŵerenga ali ndi zaka ngati khumi atakwera mumtengo wa pakhomo. Pamenepo anatsimikiza mtima kuti akadzakula adzapita ku Afirika, akakhale pakati pa nyama ndi kulemba mabuku a nyamazo. Anthu anaseka. Mayi awo aja sanaseke.

Pano ndiime pang'ono, poti ambiri amene muŵerenge tsamba lino ndinu okonda kulemba. Mabuku aŵiri ameneŵa ndi abodza pa za Afirika. Burroughs sanapondeko kuno moyo wake wonse, ndipo anthu akuda m'buku lake amaoneka oipa kuposa zilombo. M'buku la Lofting, monga linatulukira mu 1920, muli mwana wa mfumu wa ku Afirika amene chokhumba chake chachikulu n'kusanduka mzungu. Ine ndinaŵerenga Tarzan ndili Fomu 2, ndipo ndinalikonda. Manyazi anabwera pambuyo. Tsono taonani chozizwitsa: mabuku amene ananyoza makolo athu ndi omwewo anautsa mtsikana amene anadzalemba zoona zambiri za nkhalango yathu. Sindili kunena kuti bodza n'labwino. Azungu ambiri anafika kuno Tarzan ali m'mutu, nabwerera naye ali m'mutu momwemo, osaona kanthu. Chimene chinaŵasiyanitsa mayiŵa n'chakuti mwambo wa m'khola la nkhuku uja sanausiye: kukhala chete, kudikira, mpaka chinthu chidzionetse chokha. Buku linaŵaonetsa kopita, koma kapenyedwe anali nako kale.

Ndalama za yunivesite panalibe. Anaphunzira ntchito ya usekilitale, naperekeranso zakudya m'hotela kuti apeze ndalama ya sitima ya pamadzi. Mu 1957 anafika ku Kenya, kumene anakumana ndi Louis Leakey, katswiri wofukula mafupa a anthu akalekale. Leakey ankafuna munthu wodekha woti akaonerere achimpanzi m'tchire, poganiza kuti khalidwe lawo lingatiuzeko za makolo a anthu onse. Pa 14 Julayi 1960 Mayi Goodall anatsika m'boti pa Gombe, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika kumpoto kwa Kigoma, ali ndi zaka 26, opanda digiri iliyonse. Boma la Angerezi, limene linali likadalamulira Tanganyika, linakana kuti mtsikana akhale yekha m'nkhalango, choncho mayi awo anatsagana nawo natsegula kachipatala kothandiza asodzi a m'mbali mwa nyanjayo. Ankagona m'tenti yakale, ndipo onse aŵiri anadwala malungo. Mnzanga akamati "munthu wokhuta" ayenera kudziŵa zimenezi. Koma inenso ndiyenera kuvomera kuti umphaŵi wa munthu amene ali ndi njira yobwerera kwawo ndi wopepuka kusiyana ndi wa iye amene kwawo n'komweko.

Kwa miyezi ingapo achimpanzi ankangoti akaŵaona n'kuthaŵa. Mayiŵa ankadzuka kusanache, kukwera pa nsonga ina ya phiri ndi magalasi oonera patali, kukhala pamenepo tsiku lonse atavala zovala zomwezomwezo kuti nyama ziŵazoloŵere. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Woyamba kusiya mantha anali wamphongo wa ndevu za imvi, amene anamutcha David Greybeard. Mu Novembala 1960 anamuona atakhala pa chulu, akupisa udzu m'una ndi kunyambita chiswe chimene chaluma udzuwo. Masiku ena anaona achimpanzi akuthyola kamtengo, kukapulula masamba, kenaka n'kukagwiritsa ntchito yomweyo. Ophunzira a nthaŵi imeneyo ankati chosiyanitsa munthu ndi nyama ndi kupanga zida. Kamtengo kopululidwa masamba kaja kanagwetsa mpanda umenewo. Ine nditaŵerenga zimenezi ndinaseka ndekha, chifukwa ifenso tili ana tinkapisa udzu m'una wa chulu chimodzimodzi, osadziŵa kuti pali madokotala a maphunziro amene akanadabwa nazo tikanakhala ndi ubweya.

Mu 1962 anapita ku Cambridge kukachita digiri ya udokotala asanakhale ndi digiri yoyamba yomwe. Kumeneko akuluakulu anaŵauza kuti analakwitsa: nyama imapatsidwa nambala osati dzina, ndipo si za sayansi kunena kuti nyama ili ndi khalidwe lakelake, maganizo kapena chisoni. Mayiŵa sanagonje. Ankati amene anaŵaphunzitsa kuti akuluakuluwo alakwa anali galu wina dzina lake Rusty, amene ankaseŵera naye ali mwana. Koma tisaŵaseke msanga aphunzitsi a ku Cambridge. Iwo ankadziŵa chimene mlimi aliyense adziŵa, kuti dzina limakondera. Kwathu galu ali ndi dzina, ndipo kaŵirikaŵiri dzinalo n'lonyogodola anansi. Koma mbuzi yodzapha pa Khirisimasi palibe amaitcha dzina, chifukwa ukaitcha, mpeni umalemera. Nambala imateteza mtima wa woyang'anayo. Funso n'lakuti kodi mtima wotetezedwa umaona bwino kuposa wosatetezedwa.

Tsopano ndibwere kwathu.

Kwathu n'ku Ntcheu, m'tsinde mwa phiri. Munda wa agogo anga aakazi unali womalizira, wogundana ndi matanthwe, kotero kuti anyani akatsika, woyamba kulaŵidwa unali wathu. Kuyambira pamene chimanga chayamba kubereka mpaka kukolola, pa chilindo pankayenera kukhala munthu kuchokera mbandakucha mpaka dzuŵa kuloŵa. Agogo anagwira ntchito imeneyi kuyambira utsikana wawo. Ine ndinkaŵathandiza Loŵeruka ndi pa tchuthi, ndipo nthaŵi zina, kunena zoona, ndi masiku a sukulu omwe. Zida zathu zinali legeni, chitini choomba ndi agalu aŵiri.

Agogo sankadziŵa ngakhale chilembo chimodzi. Koma anyani a m'phiri limenelo ankaŵadziŵa mmodzimmodzi, ndipo anali nawo maina. Panali Chidule, mtsogoleri wa gululo, amene mchira wake unaduka pa msampha. Panali Mpondamatiki, wonenepa ngakhale chaka cha njala. Panali Namakwinya, wamkazi wa nkhope yokalamba, amene sankasoŵa mwana pamsana. Agogo ankadziŵa amene amayamba kuloŵa m'munda ndi amene amatsala pa thanthwe kuyang'ana. Ankadziŵa kuti saopa munthu wamkazi monga aopera wamwamuna, choncho masiku ena ankavala jekete ndi chipewa cha malemu agogo aamuna. Ankalimbikiranso kuti anyaniwo amadziŵa Lamulungu, poti belu la tchalitchi likalira ndi pamene ankatsika onse. Ankaŵatukwana tsiku lililonse, aliyense ndi dzina lake, monga momwe munthu atukwanira mbale wake wosamva. Pamene ndinadzaŵerenga In the Shadow of Man, buku la Mayi Goodall la 1971, za Flo ndi Fifi ndi Goliath sizinandidabwitse konse. Ndinali nditazimva kale pa chilindo.

Chaka cha 2016 mvula inadula, ndipo dziko lonse linali pa njala. Chimanga chathu chinali chinabereka titsononkho tating'ono, ndipo anyani nawonso anali ndi njala, choncho ankabwera kaŵiri kapena katatu pa tsiku. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziŵiri. Tsiku lina masana, agogo atapita kumudzi kukatenga madzi, agalu anatsekereza kamwana ka nyani pakati pa miyala. Ndinathamangira pomwepo ndi mpini. Sindinaganize kanthu. Ndinakamenya katatu, ndipo kachitatuko kanasiya kulira. Ndinakaika pamwamba pa thanthwe kuti anzake aone aope, monga ndinaonera akuluakulu akuchita, ndipo mumtima ndinadzimva kuti tsopano ndine mwamuna.

Mayi wake anatsika. Anafika pafupi kuposa momwe nyani aliyense anafikirapo ine ndili pa chilindo, osasamala agalu, akulira kulira kumene sindingathe kukulemba. Agogo atabwera anayang'ana pa thanthwe, nayang'ana nyani uja, kenaka ine.

"Iwe, wapha wa Namakwinya," anatero.

Sanandimenye, sanandiyamike. Madzulo nsima anangoitsina kaŵiri n'kusamba m'manja, ndipo chaka chimenecho munthu sankasiya nsima m'mbale. Ine ndinayesa kuti m'maŵa mwake andiuza kuti ndisapitenso kumunda. Koma kusanache anandidzutsa, nandipatsa legeni.

"Nyamuka, mwana'we. Chimanga sichidziŵa maliro."

Pa thanthwe paja panalibe kanthu. Masiku anayi otsatira ndinamuona Namakwinya akuyenda kumbuyo kwa gulu atanyamula kamtembo kaja ndi dzanja limodzi, akamakhala pansi n'kumakapesa ubweya ndi kuingitsa ntchentche. Ndinkaponya miyala ya legeni kwa ena onse, koma iye ndinkamphonya dala, ndipo ndikhulupirira kuti agogo ankaona.

Ichi ndicho chimene ndinalephera kumuuza mnzanga usiku uja. Ngati kumvera nyama chisoni kukanakhala kwa okhuta okha, agogo sakanasiya nsima, pakuti m'mudzi monse munalibe munthu wokhuta chaka chimenecho. Koma ngati chisoni chikanakhala ndi mawu otsiriza, sakanandipatsanso legeni. Anachita ziŵiri zonse, ndipo sanaone chotsutsana. Njala inalamula manja awo, koma maso awo sinaŵalamule. Ndiye pamene mnzanga anena kuti wosauka alibe nthaŵi yokonda nyama, ine ndimaona ngati akumlanda wosaukayo chinthu chimene ali nacho, n'kuchipereka kwa olemera ngati n'chawo chobadwa nacho.

Komabe mlandu wa mnzanga suthera pamenepa, ndipo ndikanakhala wachinyengo ndikanausiya apa. Chimene chimamuŵaŵa si chakuti anthu amakonda nyama, koma kuti pali chikondi chimene wokondayo salipira kanthu, wolipira ndi wina. Mu Julayi 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku nkhalango ya Kasungu, ndipo zithunzi zake zinasangalatsa anthu maiko ambiri. Pambuyo pake njovu zinayamba kutuluka m'nkhalangomo, kudya minda ndi kupha anthu, kuno ndi tsidya la Zambia lomwe. Amene anaombera m'manja zithunzi zija palibe anagona m'munda ndi muuni wa moto. Ndipo si zachilendo: pamene malire a nkhalango ya Nyika anakuzidwa mu 1978, anthu anasamutsidwa m'midzi ya makolo awo. Chikondi chotere sindichiikira kumbuyo. Munthu amene akonda njovu ya pa chithunzi sakonda njovu, akonda chithunzi, ndipo njovu yeniyeni amaitula pakhomo pa amalume a mnzanga.

Choncho ndimafunsa zinthu ziŵiri za aliyense wonena kuti amakonda nyama: kodi akuidziŵa nyamayo monga ilili, ndipo kodi akudziŵa amene ali kulipira? Tiyeni tiŵayese Mayi Goodall ndi muyeso womwewo.

Pa funso loyamba sindikayika. Zaka khumi zoyambirira anaona zambiri zokoma. Anaona achimpanzi akukumbatirana, akugwirana manja, akulera ana amasiye. Mu 1972 Flo, mayi wokalamba amene aŵerengi awo ankamkonda, anafa, ndipo mwana wake Flint, wa zaka zisanu ndi zitatu, anasiya kudya, nakhala pafupi ndi pamene mayi wake anafera, nafa naye pasanathe mwezi. Akanafuna kutchuka chabe akanalekera pamenepo, poti nkhani zotere n'zimene anthu amagula. Koma kuyambira 1974 mpaka 1978 kunachitika zina. Gulu la achimpanzi a ku Gombe linali litagaŵikana paŵiri, la Kasekela kumpoto ndi la Kahama kumwera. Amphongo a kumpoto anayamba kuyenda m'magulu mwakachetechete, akapeza mmodzi wa kumwera ali yekha n'kumgwira, kummenya mpaka kumsiya wakufa kapena wosachira. Anaŵatha mmodzimmodzi mpaka gulu la Kahama linazimirira. Mmodzi mwa ophedwawo anali Goliath, nkhalamba imene omuphawo anakulira pambali pake. M'zaka zomwezo wamkazi wina, Passion, pamodzi ndi mwana wake Pom, ankalanda makanda a anzawo n'kuŵadya. Mayi Goodall anavomera kuti poyamba ankayesa achimpanzi ngati anthu koma okoma mtima kuposa ife, ndi kuti zimene anaonazi zinkaŵasoŵetsa tulo. Komabe anazilemba zonse, ngakhale ena ankaopa kuti zipatsa mphamvu anthu onena kuti nkhondo ili m'magazi mwathu. Ndipo sanaleke kuŵakonda. Akulu amati anyani sasekana zikundu. Kuchokera pa nkhondo ya ku Gombe, ife ndi achimpanzi palibe angaseke mnzake.

Analakwitsanso zina. Poyamba ankaikira achimpanzi nthochi pa msasa kuti aziŵaona pafupi, ndipo zimenezi zinachulukitsa ndewu pakati pawo ndiponso ndi anyani, mpaka akatswiri ena anafunsa ngati nthochizo sizinasokoneze khalidwe limene ankaliphunziralo. Mchitidwewu pambuyo pake unalekeka. Ngakhale pa mabuku pomwe anapunthwa: mu 2013 kunapezeka kuti m'buku lawo la zomera, Seeds of Hope, munali ndime zotengedwa kwa ena popanda kutchula eni ake. Anapepesa, bukulo nalikonza lisanatuluke. Ndatchula zimenezi kuti pasakhale wina woyesa kuti ndili kulemba mbiri ya woyera mtima.

Funso lachiŵiri ndilo lovuta. Ndikaŵerenga mabuku awo oyamba, anthu a ku Gombe ali m'mphepete mwa tsamba: wophika, wonyamula katundu, msodzi wodutsa ndi bwato. Mu Meyi 1975 anthu a mfuti ochokera tsidya la Zaire anaba ophunzira anayi achizungu pa msasapo, ndipo ngakhale onse anadzamasulidwa, ofufuza akunja anachoka. Kuyambira pamenepo amene ankatsata achimpanzi m'mapiri tsiku ndi tsiku, kulemba zonse m'Chiswahili, anali amuna a m'midzi yomweyo. Zambiri za m'buku lalikulu la 1986, The Chimpanzees of Gombe, zinadutsa m'maso mwa anthu ameneŵa. Mayiŵa anaŵathokoza m'mabuku awo, koma dziko limadziŵa dzina la David Greybeard kuposa la mmodzi yense wa iwo. Apa mnzanga ali ndi mfundo, ndipo ine ndilibe choyankha.

Kusintha kunadza mochedwa. Mu 1986, pa msonkhano wa ku Chicago, anamva ofufuza anzawo akusimba za kutha kwa nkhalango mu Afirika monse ndi za achimpanzi otsekeredwa m'zikwere za chitsulo m'nyumba zoyesera mankhwala. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 anauluka pamwamba pa Gombe m'kandege kakang'ono, naona kuti nkhalango yatsala kachilumba kobiriŵira pakati pa mapiri ometedwa mpala. Anthu anali atachuluka, ena othaŵa nkhondo ku Burundi ndi ku Congo, akulima m'malo otsetsereka, nthaka ikukokoloka. Pamenepo anazindikira kuti achimpanzi sangapulumuke ngati anthu oŵazungulira alibe chodya. Mu 1994 bungwe lawo linayambitsa ntchito yotchedwa TACARE m'midzi yozungulira Gombe: nazale za mitengo, ngongole zing'onozing'ono, zaumoyo, ndi kulipirira atsikana sukulu. Kuchokera 1960 kufika 1994 ndi zaka 34. Zinaŵatengera zaka 34 kuti afike pamene mnzanga wa ku Kasungu anabadwira, ndipo agogo akanatha kuŵauza zonsezo masana amodzi pa chilindo.

Koma anafika, ndipo analipira. Munthu amene chimwemwe chake chinali kukhala yekha pansi pa mtengo anasiya nkhalango, nayamba kuyenda masiku ngati 300 pa chaka, kugona m'mahotela, kunena nkhani zomwezomwezo kwa ana a sukulu ndi kwa atsogoleri a maiko, kwa zaka pafupifupi makumi anayi. Bungwe lawo la achinyamata, Roots & Shoots, linayamba mu 1991 ndi ophunzira 12 a ku Dar es Salaam. Anasiyanso kudya nyama ataŵerenga Animal Liberation, buku la Peter Singer. Apa ndimamwetulira, poti agogo anakhala zaka zambiri osalaŵa nyama popanda kuŵerenga buku lililonse. Koma zoona zake n'zakuti mayiŵa anali munthu amene buku linkatha kumsintha ngakhale atakula, ndipo ife pano, amene timaŵerenga kuti tikhoze mayeso, tidzifunse kuti ndi buku liti linatisiyitsapo kanthu.

Nditamaliza kulemba zimenezi ndinamuŵerengera mnzanga uja. Anamvetsera mpaka kumapeto, chimene sachita kaŵirikaŵiri.

"Za agogo akozo ndazimva," anatero. "Koma tandiuza, aise. Njovu ili m'munda wa amalume, usiku, iwe uli ndi mfuti. Utani?"

Ndinati ndiyesa moto ndi zitini poyamba. Iye anati zalephera. Ndinati ndiombera.

"Ndiye tasiyana pati?"

Ndinati tasiyana pakuti ine ndidzadziŵa chimene ndapha, ndipo m'maŵa mwake ndidzafunsa chifukwa chake mpanda sunamangidwe njovu zisanabwere, m'malo mokondwera. Iye anati kwa njovu yakufayo kudziŵa kwangako n'kopanda ntchito, ndipo kwa amalume ake chofunika n'chimanga, osati nkhope yanga yachisoni. Ndinati munthu amene amapha osamva kanthu sachedwa kupha ndi pamene palibe chifukwa. Iye anati umenewo ndi ulaliki, ndipo umboni wake ndilibe. Tinalekera pomwepo, poti nthaŵi ya chakudya inali itakwana, ndipo mpaka lero palibe wasuntha.

Agogo anamwalira mu 2021. Zaka zawo zenizeni palibe ankazidziŵa. Iwo ankangoti pa njala ya 1949 anali kale otha kusinja. Akanakhala kuti anaŵerengedwa bwino, kapena iwo ndi Mayi Goodall anali a msinkhu umodzi. Pa tchuthi chapitachi ndinakwera kukaona munda uja. Chilindo chinagwa kalekale ndipo palibe anachidzutsa, chifukwa palibe choti alinde. Mitengo ya m'phiri inathera makala, anyani anasamuka kapena anatha, ndipo madzi otsika m'matanthwe akumba chigwembe pakati pa mizere. Amalume amati tsopano amagona tulo, koma amatinso chimanga sichichita monga kale.

Madzulo ake ndinafunsa amayi ngati akukumbukira maina ena a anyani a agogo, poti ine ndinatsala ndi atatu okha. Anaganiza nthaŵi yaitali akusenda maungu. Anakumbukira Sajeni, amene ankakhala pa thanthwe kulondera anzake. Kenaka anayamba kuseka okha, mpaka kuika mpeni pansi.

"Panalinso Mlamu," anatero. "Ameneyo ankangofika nthaŵi ya nsima."

Ndinaŵalemba onse asanu mkati mwa chikuto cha In the Shadow of Man, buku langalanga limene ndinagula pa kaunjika wa mabuku mu Zomba, m'munsi mwa dzina la mwini wake woyamba.